Ana a mumsewu a ku Lagos ndi ana a m'makalabu a ku Cairo, table tennis ya mu Africa ikulowera kuti?

Kochi Mbewe: Abale usiku wa dzulo ndinakhalira kuonera magemu akale a Quadri Aruna wa ku Nigeria, makamaka ija ya ku Olympics ya ku Rio mu 2016 yomwe anatulutsa Timo Boll wa ku Germany, ndiye pali nkhani ikundisowetsa mtendere ndati ndiitule pano. Nigeria inagwira table tennis ya mu Africa kwa zaka zambirimbiri, kuchokera nthawi ya Atanda Musa kudzafika pa Segun Toriola mpaka Aruna ameneyu, koma lero mukayang'ana mbali ya ana ndi ya atsikana dzina lomwe likumveka kwambiri ndi Egypt. Aruna ndi wa 1988, sangasewere mpaka kalekale. Ku Lagos kunalakwika chani, kapena ku Cairo akupanga chani chomwe anzawo sakupanga? Maganizo ndili nawo koma ndiyambe ndamva anu kaye.

Yamikani Loop: aKochi ine ndikukana kuti kunalakwika kanthu. Munthu woyamba wa mu Africa kufika makotafainolo ku Olympics ndi ndani? Aruna. Anamenya Chuang Chih-yuan 4-0 kenako Boll 4-2, anakagwa mmanja mwa Ma Long amene anatenga golide chaka chimenecho. Mu 2021 ku Houston anafikanso makotafainolo a World Championships, mu 2022 analowa top 10 ya dziko lonse. Dziko lolakwitsa lingatulutse munthu wotere?

Kochi Mbewe: Zonsezo nzoona Yamikani, koma wanditchulira munthu mmodzi. Ine ndikufunsa za amene akubwera kumbuyo kwake.

Madala Gondwe: Ndilowepo anyamata inu, chifukwa nkhaniyi mukuiyambira pakati. Table tennis ya ku Nigeria sinamere m'maholo okongola ayi, inamera mumsewu. Ku Lagos anthu amaika tebulo pakhonde kapena pakona ya msewu, nthawi zina thabwa chabe pamwamba pa mabenchi, wopambana amatsala patebulo woluza amakapanganso mzere. Mwana wokulira pamenepo amaphunzira chinthu chomwe kochi aliyense amalephera kuphunzitsa, kusaopa munthu wamkulu komanso kudana nako kuluza, poti ukaluza udikira anthu 10 kuti ugwirenso bati. Funke Oshonaike amanena yekha kuti anayambira mumsewu ku Somolu konko ku Lagos, ndipo mayi ameneyu anapita ku Olympics ka 7, kuyambira Atlanta 1996 mpaka Tokyo. Toriola nayenso ka 7, Barcelona 1992 mpaka Rio 2016. Tawerengani zaka zimenezo.

Koma msewu paokha sukanakwana. Chomwe ambiri sachidziwa ndi chikho cha Asoju Oba. Mpikisano umenewu unayamba mu 1968 ndi ndalama za munthu mmodzi wabizinesi, Molade Okoya-Thomas, ndipo unkachitika chaka ndi chaka ku Lagos, mwiniwake atamwalira mu 2015 ana ake anaupitiriza. Holo ya pa Teslim Balogun Stadium yomwe mumaonera mipikisano ya ITTF, bungwe la table tennis la dziko lonse, ku Lagos ija ili ndi dzina lake. Ndiye mwana wa mumsewu ankadziwa kuti chaka chikamatha kuli malo kokadzionetsa, ndipo makochi ankadziwa kopita kukatola ana. Msewu unkabala, chikho chinkasankha. Mukachotsa chimodzi mwa ziwirizi Toriola kulibe.

Yamikani Loop: Madala za 1968 sindimazidziwa shuwa, ndimaona ngati ndi mpikisano wa posachedwapa

Madala Gondwe: Ndi wakale mwana wanga, table tennis isanalowe nkomwe mu Olympics, poti inalowa mu 1988 ku Seoul. Ndipo Atanda Musa anali atatenga kale chikho cha Commonwealth mu 1982 ku Bombay. Toriola anadzatenga golide wa Commonwealth Games ku Manchester mu 2002, komanso golide wa singles ku All Africa Games kanayi motsatizana, 1995, 1999, 2003 ndi 2007. Ku Beijing mu 2008 anatulutsa Jean-Michel Saive wa ku Belgium, munthu amene anakhalapo nambala 1 padziko, nkudzaluza kwa Oh Sang-eun mu gemu ya 7. Tsiku limenelo ndinalira ine, osati chifukwa choluza koma ndinaona kuti zotheka.

Madam NaPhiri: Moni nonse. Ine ndine mphunzitsi ndipo ndimayang'anira tebulo limodzi lokha pasukulu, ndiye nkhaniyi ndikuimva ndi mtima wonse. aKochi ine ndikuona kuti yankho lili pa msinkhu woyambira. Hana Goda wa ku Egypt anabadwa mu December 2007, anayamba kusewera ali ndi zaka 4, ku kalabu ya Al Ahly, pali kochi, pali holo, pali anzake a msinkhu wake. Mu 2022 anapita ku Lagos komweko nkukatenga Africa Cup ali ndi zaka 14, mu fainolo anamenya Fatimo Bello pakwawo. Ku Olympics ya ku Paris 2024 anali ndi zaka 16 basi. Mwana wa mumsewu pa zaka 4 samuloleza ngakhale kugwira bati, akuluakulu ali pamzere, iye ntchito yake ndi kutola mipira. Akamadzafika kwa kochi weniweni ali ndi zaka 12 kapena 13 dzanja linazolowera kale zolakwika, ndipo kuchotsa chizolowezi ndi ntchito yowawa kuposa kuphunzitsa mwana amene sadziwa kanthu.

Kochi Mbewe: Madam mwagunda pomwe ndimafuna. Ku Egypt makalabu ngati Al Ahly ndi Zamalek anthu amawadziwa chifukwa cha mpira wamiyendo koma ndi makalabu a masewera ambiri, banja lonse limapita kumeneko, wina kosambira wina ku handball wina ku table tennis. Ndiye mwana samachita kufunafuna masewerawa, amawapeza ali pomwepo. Dina Meshref makolo ake onse awiri anali osewera table tennis, anakulira mu holo. Ndi chimodzimodzi anyamata a Lebrun aja a ku Montpellier ku France, bambo awo anali wosewera, Félix anatenga bronze ku Paris ali ndi zaka 17. Masewera athuwa ndi a sipini, kuzunguliza mpira poumenya, ndipo diso lowerenga sipini limakula mwana akadali wamng'ono, monga mmene mwana amatolera chilankhulo osachita kukhala mkalasi.

Yamikani Loop: Koma aKochi mukatero ndiye kuti mukunena kuti mwana wa munthu wosauka asayese nkomwe, poti makalabu amenewo ndi a anthu opeza bwino. Ine zimandiwawa zimenezi. Aruna anakulira ku Oyo osati mu kalabu yamakono, forehand yake ija, kumenya chikhatho chitaloza kutsogolo, palibe buku lomwe limaphunzitsa, dzanja limachokera kutali kumbuyo ngati akuponya mwala, kochi wa ku Ulaya akanamupeza ali ndi zaka 6 akanamuletsa, ndiye bwenzi lero tilibe Aruna tili ndi munthu wosewera mwaukhondo koma wosaopsa aliyense

Kochi Mbewe: Sindikunena kuti asayese, usandiikire mawu mkamwa mphwanga. Ndipo za forehand ukunena zoona, ndi mfuti. Koma taonera bwino magemu ake ndi ma China, amamupanikiza kuti? Ku backhand, mbali yomenya kumbuyo kwa dzanja kutaloza kutsogolo. Kwa zaka zambiri Aruna amachita kuzungulira mpira kuti aumenye ndi forehand, zimafuna miyendo ya chitsulo, ndipo anali nayo, koma akakumana ndi munthu wothamangitsa mpira pafupi ndi tebulo nthawi yozungulira imasowa. Backhand anadzaikonza ali wamkulu kale akusewera ku Portugal ndi ku Germany. Ine funso langa nlakuti akanaipeza ali ndi zaka 8 bwenzi atafika pati? Mwina bwenzi tikukamba za mendulo osati makotafainolo.

Chifundo TT: Pepani ndilowerere ngakhale ndine wamng'ono pagulu pano. Ine ndikuona kuti nonse awiri mukunena zoona koma mukuiwala kuti masewerawo anasintha. Mu 2000 mpira unakula kuchoka 38mm kufika 40mm, mu 2001 gemu inachoka pa 21 kubwera pa 11, mu 2002 analetsa kubisa sevisi ndi mkono, mu 2008 analetsa speed glue, guluu womatira labala pa bati amene ankathamangitsa mpira, mu 2014 kunabwera mpira wa pulasitiki. Lero munthu amalandira sevisi yaifupi ndi backhand flick pamwamba pa tebulo, ija amaitcha banana, ndiye ngati backhand yako ndi yongotchinga basi anthu amakudyera pa mpira wachitatu. Nthawi ya a Toriola munthu wa forehand yamphamvu ndi miyendo yabwino amapita kutali, pano ana a zaka 12 akumenya mbali zonse ziwiri mofanana. Pa thabwa la mumsewu ndi bati yoti labala wake anatha kalekale banana sungaiphunzire, mpira sugwira nkomwe.

Madala Gondwe: Mwana uyu walankhula. Labala ndi nkhani yaikulu imene anthu osasewera saimvetsa, amaona ngati bati ukagula wagula. Wosewera tsiku ndi tsiku labala amafa pa miyezi yochepa, amayamba kuterera, ndipo mwana wophunzira ndi labala wakufa amazolowera kutsegula bati ndi kukankha mpira mmalo moupukuta. Tsiku lomwe mudzamupatse labala watsopano mipira yonse imauluka kunja kwa tebulo ndipo iye amaganiza kuti wayiwala kusewera.

Mai a Tadala: Ine sindidziwa zambiri za mayina mukutchulawa, ndinalowa pagulu pano chifukwa mwana wanga wamkazi wa zaka 9 wakonda masewerawa mpaka amagona ndi bati pambali. Koma ndifunse, pa nkhani ya atsikana bwanji? Chifukwa ine chomwe ndimaona nchakuti tebulo likakhala limodzi anyamata amalilanda, mwana wanga amabwera kunyumba akuti lero ndasewera gemu imodzi yokha maola awiri onse. Ku Lagos mumsewumo mtsikana amapeza bwanji mpata?

Madam NaPhiri: Mayi mwafunsa funso lomwe limandipweteka mutu chaka chilichonse. Lamulo loti wopambana atsale patebulo ndi labwino kwa mwana amene wayamba kale kupambana, koma kwa woyamba kumene, makamaka mtsikana pakati pa anyamata akuluakulu, ndi lamulo lomuthamangitsa. Amaluza 11-2, amakhala pansi mphindi 40, amaluzanso, sabata yachitatu sabweranso. Funke anapirira koma tidzifunse kuti ndi angati anzake amene anasiya osadziwika ndi munthu. Ine ndinachita kugawa masiku, Lachiwiri ndi Lachinayi tebulo ndi la atsikana okha, anyamata anadandaula mwezi wathunthu koma pano ndili ndi atsikana amene akumenya anyamata omwewo. Ku kalabu ngati za ku Cairo vuto limeneli silikhalapo kwenikweni chifukwa nthawi ya patebulo amagawa ndi kochi osati mphamvu za mkono, nchifukwa chake atsikana a Egypt akungotsatizana, Dina asanapume Hana wafika kale.

Yamikani Loop: Apa ndiye ndavomera, za atsikana sindinaziganizire

Chifundo TT: Ine ndinatsala pang'ono kusiya pa chifukwa chomwechi. Amene anandisunga ndi mkulu wina amene ankabwera msanga dala anthu asanadzadze nkumandiponyera mipira ya mu beseni, umodzi umodzi, forehand 50 backhand 50. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti imeneyo ndiye multiball yomwe ma China amagwiritsa ntchito kwambiri, ndinkangoona ngati akundichitira chifundo. Mphindi 15 za beseni umamenya mipira yambiri kuposa masana onse a pamzere.

Madala Gondwe: Ndibwerere mmbuyo pang'ono poti wina angaganize kuti Egypt yangotulukira dzulo. Cairo inachititsa World Championships mu 1939, Richard Bergmann ndi amene anatenga singles. Kuchokera pamenepo mpikisano umenewu sunabwerenso mu Africa mpaka Durban mu 2023, zaka 84. Ndiye mizu yawo ndi yakuya, kungoti zaka za m'ma 80 ndi 90 Nigeria inawaphimba.

Ndipo poti ndatchula Durban, pali mbiri ina yomwe ndimafuna achinyamata aidziwe. Nthawi ya tsankho ku South Africa kunali mabungwe awiri a table tennis, la azungu okhaokha ndi lina losasankha mtundu. Mu 1956 ITTF, pansi pa Ivor Montagu, inavomereza losasankha mtundulo nkusiya la azungu, nthawi imene mabungwe a masewera ena anali asanayerekeze nkomwe. Timu yawo inakasewera ku Stockholm mu 1957, kenako boma linawalanda mapasipoti kuti asapitenso kunja. Taganizani mbadwo wonse wa osewera umene unakalamba osaloledwa kukayesa mphamvu zawo kunja. Ndikamaona ana akusewera mu holo ya ku Durban ija ndinkakumbuka anthu amenewo.

Kochi Mbewe: Zikomo madala, mbiri imeneyi siimveka kawirikawiri. Ndipo ikugwirizana ndi mfundo ina, kutuluka kunja. Ambiri mwa amene tawatchula pano anakakhwimira ku Ulaya, Toriola ku France, Funke ku Germany, Aruna ku Portugal kenako Bundesliga, ligi ya ku Germany, Omar Assar wa ku Egypt nayenso Bundesliga. Assar anafika makotafainolo ku Tokyo, anakumana ndi Ma Long yemweyo, anafikanso ku Paris nkugonja kwa Truls Möregårdh. Ndiye olo Egypt ndi makalabu ake onse, mwana akafika pa msinkhu wina ayenera kupita komwe sabata iliyonse akukumana ndi munthu womuposa. Kusiyana kwake nkwakuti wa ku Cairo amapita ali ndi maziko onse, wa mumsewu amapita kukayamba kukonza maziko pa zaka 20.

Yamikani Loop: Komatu musaiwale Olajide Omotayo anatenga golide ku African Games ya ku Rabat mu 2019, anamenya Aruna mu fainolo, ndiye si kuti kumbuyo kulibe anthu. Komanso kuyambira 2023 mpikisano wa akatswiri a mayiko osiyanasiyana wa WTT Contender ukuchitikira ku Lagos, ana akumaona akatswiri ndi maso osati pa foni pokha, ndipo mmene anthu amakuwira mu holo imene ija ndi ng'oma zomwe, osewera a kunja amachita kudabwa. Moto ulipo aKochi

Kochi Mbewe: Moto ulipo, sindikutsutsa. Ndipo Wahid Oshodi amene akutsogolera bungwe la table tennis mu Africa pano ndi wa ku Lagos komweko, amaidziwa nkhaniyi kuposa ife. Koma mpikisano waukulu wa sabata imodzi pachaka umasangalatsa maso, mwana amakula ndi zomwe zikuchitika Lolemba mpaka Lachisanu miyezi 11 yotsalayo. Ine ndikanakhala ndi mphamvu kumeneko sindikanathetsa matebulo a mumsewu ayi, ndiwo chuma chawo chomwe Egypt ilibe, koma ndikanatuma makochi kuti azizungulira m'makona momwemo kutola ana a zaka 6 ndi 7 aja otola mipira aja, osadikira kuti adzaonekere okha pa chikho ali ndi zaka 14.

Madam NaPhiri: Ndipo makochiwo alipidwe. Ambiri ophunzitsa ana amachita mongodzipereka, tsiku lomwe wapeza ntchito kwina gulu lonse la ana limabalalika. Ine ndinaonapo ana 20 akusiya mwezi umodzi chifukwa munthu mmodzi wasamuka.

Chifundo TT: Pa za kupirira ine amene amandilimbitsa mtima ndi Ibrahim Hamadtou wa ku Egypt komweko, anaduka manja onse awiri pa ngozi ya sitima ya pamtunda ali ndi zaka 10, amaluma bati ndi mano nkuponya mpira wa sevisi ndi phazi, anakasewera Paralympics ku Rio ndi ku Tokyo. Ndimaonetsa ana vidiyo yake akayamba kudandaula kuti bati yawo ndi yakale. Komabe ndikudziwa kuti kupirira kwa munthu mmodzi sikulowa mmalo mwa holo ndi kochi.

Mai a Tadala: Ndathokoza nonse ndaphunzira zambiri. Tsono aKochi ndithandizeni za mwana wangayu, ndi wamfupi ndithu tebulo limamufika pachifuwa, ndiye akamamenya amakweza phewa mmwamba ngati akupachika chovala. Ndimusiye choncho mpaka atakula kapena pali chochita? Komanso akundivutitsa kuti ndimugulire bati yothamanga ngati ya Aruna.

Kochi Mbewe: Mayi musamusiye choncho, phewa limenelo likazolowera lidzamuvuta kutsitsa. Tebulo ndi lotalika 76cm kuchokera pansi ndipo anapangira munthu wamkulu, ndiye kwa mwana pali njira ziwiri, kupeza tebulo lotsitsika miyendo kapena kumuikira thabwa lalikulu lolimba pansi kuti akwerepo, lotambalala bwino loti aziyenda uku ndi uku osaopa kugwa, tebulo lizimufika cha mchiuno. Bati yothamanga ayi musagule pano. Mupezereni ya thabwa lokhalokha yopanda carbon, yopepuka, chogwirira chaching'ono chokwana dzanja lake, labala wofewa koma wogwira mpira, kuti aziumva mpira ukamalowa mu bati. Bati yothamanga imamenya yokha ndipo mwana amayamba kuopa kutambasula dzanja. Akamaliza kusewera azipukuta labala ndi kansalu konyowa pang'ono nkuiika mu chikwama, asaisiye padzuwa.

Madam NaPhiri: Ndipo mukalankhule ndi amene amayang'anira tebulolo za nthawi ya atsikana, mukapite ndi kholo lina musapite nokha, mukakhala awiri amamva msanga.

Mai a Tadala: Ndipita Lachisanu, pali mayi wina mwana wake anasiya mwezi watha pa chifukwa chomwechi ndikamutenga. aKochi za beseni lija ndingamuponyere ndekha kunyumba olo sindidziwa kusewera?

Kochi Mbewe: Mungathe mayi. Imani pambali pa tebulo pafupi ndi neti, mpira uzigunda kaye patebulo mbali yanu kenako muziukankha pang'onopang'ono ndi bati kupita malo amodzimodzi, 20 ku forehand 20 ku backhand, akatopa mupume. Musamuwerengere mapointi, muziwerenga mipira yomwe yalowa motsatizana. Mujambule kavidiyo kakafupi mutumize pano tione mmene akugwirira bati tisanapite patali.